Kudikira galimoto pa Zomba: zolemba za ulendo wa ku likulu lakale

Lolemba usiku, Chinamwali

Ndafika. Msana ukuwawa, mapazi atupa, koma ndafika. Azakhali anditenthetsera madzi osamba, andiphikira nsima ya matemba othira tomato, ndipo ndikulemba izi ndili chigonere pamphasa, zenera lili chitsegulire chifukwa kukutentha ngakhale mitambo yaphimba phiri.

Ndinalawirira kudepoti ku Lilongwe kusanache. Basi ya ku Zomba inalipo, injini ikulira, woitanira akuuza aliyense wofika kuti kwatsala anthu awiri okha. Tinanyamuka 9 koloko itadutsa. Oyenda m'misewu yathu mukuzidziwa izi, ndiye ndisachulutse gaga m'diwa. Ku Dedza kamphepo kozizira kanalowa pamazenera, tinaima pang'ono pa toll gate ya Kalinyeke, kenako tinafika pa Lizulu pamene amayi anathamangira basi ndi mabeseni a kabichi, tomato ndi kachewere. Ndinagula kandowa ka kachewere ka K4,000 n'kupereka K5,000 pazenera. Basi inayamba kuyenda ndisanalandire chenji, ndipo ndinangoti zapita. Koma mayi wogulitsayo anathamanga m'mbali mwa basi, mwana ali kumbuyo, mpaka anaponya K1,000 yopindapinda pamiyendo panga. Mayi inu a pa Lizulu, Mulungu akudalitseni.

Pa Chingeni tinasiya M1 n'kukhotera ku Balaka, ndipo kutentha kunayambira pomwepo. Titawoloka Shire pa Kamuzu Barrage, kondakitala analengeza kuti basi ithera pa Liwonde chifukwa a ku Zomba tatsala ochepa. Anatigulitsa kwa minibasi ina imene inali ndi matumba a feteleza pansi pa mipando yonse, poti ino ndi nyengo yodzala. Lamulo limati atatu pamzere. Tinakhala anayi, wina atanyamula mwana, ine kandowa kanga pamaondo. Pokwera mapiri a Machinga kunja kukuda, dalaivala akupitirira malole pamakhota, ndinachita mantha ndithu. Ndinatseka maso n'kumapemphera chamumtima. Bambo wina wachikulire wovala kofia, amene anakhala pafupi nane, ananditengera kandowa kaja n'kukaika pamiyendo pawo osanena kanthu. Potsika pa Songani anauza kondakitala kuti, "Achemwali awa muwatsitse pamsika pa Chinamwali, musawapitirize, ndi alendo."

Sindine mlendo kwenikweni. Ndinaphunzira uphunzitsi ku Domasi zaka zambiri zapitazo. Koma msewu uwu sindinauzindikire: pamene ndinkadziwa minda ndi mitengo ya mango, tsopano pali nyumba, magolosale, zigayo, timashopu ta Airtel Money ndi Mpamba, magetsi akuwala mpaka m'tauni. Makilomita pafupifupi 300 andidyera tsiku lathunthu.

Lachiwiri, Chinamwali mpaka kuchipatala

Chandibweretsa kuno ndi matenda a azakhali. Miyendo imatupa, BP imakwera, ndipo amayenera kukaonana ndi adokotala ku Zomba Central mwezi ndi mwezi. Ana awo ali kutali, ndiye mwezi uno ndinati ndiwaperekeze ndine.

Tinaima m'mbali mwa msewu 6 koloko isanakwane, ndipo tinapeza anthu ali mbwee: ana a sukulu, anamwino ovala zoyera, amayi a madengu opita kukapikula kumsika waukulu, abambo a mataye. Maminibasi ochokera ku Mangochi ndi ku Liwonde amabwera odzaza. Ina ikaima, kondakitala amasuzumira n'kukuwa, "Limbe! Limbe!" Mukati "tauni," amamenya chitseko, galimoto n'kumapita. Sindikuwaimba mlandu. Mpando womwewo umene ine ndilipire ndalama ya makilomita ochepa, wa ku Limbe aulipira kangapo kuposa pamenepo. Koma ndiye kuti munthu wa pa Chinamwali, amene ali mumzinda womwewu, alibe galimoto yomuganizira iye. Amadalira malo otsala m'magalimoto a anthu opita kutali.

Anyamata a njinga zamoto anatizungulira. "Mami, tiyeni, pompano mwafika." Azakhali sangathe kukweza mwendo kuti akwere njinga, ndipo ngakhale akanatha sindikanalola. Tinadikira mpaka kunabwera Sienta. Galimoto imeneyi anaipangira anthu 7, koma kuno imanyamula mmene dalaivala waonera. Mtsikana wina wa sekondale amene anali atakhala kale kutsogolo anatsika yekha, osauzidwa, n'kuwapatsa azakhali malowo, iye n'kudzapanikizana nafe kumbuyo. Tinalipira K1,000 aliyense, ndipo ulendo unathera m'tauni pafupi ndi msika. Chipatala chili mbali ina, potulukira ku Blantyre, choncho tinayambanso kudikira, n'kulipiranso K700 aliyense. Mtunda wonsewu, kuchokera pakhomo mpaka pageti pa chipatala, sukwana makilomita 10, ndipo ndi msewu umodzi womwewo wa M3, osapatukira kwina. Tinafika 8 koloko itadutsa kale.

Ndinayamba kung'ung'udza. Azakhali anangoti, "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinakhala chete poti ndi akulu, koma mumtima ndinakana. Munthu wodwala asamaphunzire kudekha ataimirira m'mbali mwa msewu miyendo ikunjenjemera.

Mabenchi tinapeza atadzaza. Zomba Central ndi chimodzi mwa zipatala zikuluzikulu za boma, pamodzi ndi Queens, Kamuzu Central ndi Mzuzu Central, ndipo imalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Machinga, Balaka, Mangochi ndi kwina. Pafupi nafe panakhala mayi wa ku Chingale, kuseri kwa phiri, amene anabwera dzulo n'kugona kwa m'bale wake ku Sadzi poopa kuti m'mawa sapeza galimoto. Ananyema chinangwa chophika n'kutigawira. Anamwino anatilandira bwino, ndipo azakhali anaonedwa.

Pobwerera dzuwa linali paliwombo. Pamene anthu amadikirira galimoto palibe denga, palibe benchi. Mnyamata wogulitsa mango anadzuka pakampando kake n'kuti, "Agogo, khalani apa." Ndinamugula mango ngakhale kunyumba aliko ambiri. Madzulo ano azakhali agona msanga. Akuti mzere wa kuchipatala amaupirira, chimene chimawatha mphamvu ndi msewu.

Lachitatu, kumtunda kwa tauni ndi ku Chirunga

Lero ndinayenda ndekha, wapansi. Kuchokera pamsika ndinakwera chitunda kulowera kumene kuli nyumba zakale za boma. Thukuta linatuluka msanga, chifukwa Zomba anaimanga m'nthiti mwa phiri, ndipo ukangosiya msewu waukulu umakhala ukukwera kapena ukutsika.

Zomba inakhala likulu kuyambira 1891, nthawi ya Harry Johnston, mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsalira kuno mpaka 1994. Ukamayenda kumtundaku umaona kuti anamangira anthu ochepa: nyumba za njerwa zotalikirana, mabwalo aakulu, mibawa italiitali, timisewu tokhotakhota tokwanira galimoto ya bwana mmodzimmodzi. Ophika, olima maluwa ndi amesenjala ankachokera kumunsi, wapansi. Mpaka lero ogwira ntchito akuchokerabe kumunsi, ndipo ambiri akadali wapansi. Maofesi ambiri anatsalira mu Zomba muno, monga MANEB, National Archives, Government Print ndi a kalembera a National Statistical Office. Ena mwa maofesi a boma ali kumtunda komweku, koma m'mawa wonse sindinaone minibasi ikukwerako. Ndinaona amayi a zikwama atavula nsapato zazitali n'kuvala masilipasi, ndi bambo wina wa ndodo akupuma pamtengo uliwonse.

A kalembera omwewo anawerenga anthu 88,314 mumzinda uno mu 2008, ndipo mu 2018 anapeza 105,013. Anthu owonjezerekawa sakukhala m'nyumba za atsamunda zija. Ali ku Chinamwali, ku Matawale, ku Chikanda, ku Sadzi, ku Mpondabwino, ku Three Miles. Pamwamba pa iwo pali ena osawerengedwa mumzinda amene amalowa m'mawa uliwonse kuchokera ku Thondwe, ku Jali, ku Songani ndi ku Domasi, n'kutuluka madzulo.

Pamthunzi pafupi ndi Botanic Gardens ndinakhala ndi agogo ena aamuna amene anati anagwirapo ntchito ya umesenjala likulu lisanasamuke. Nditawafotokozera za dzulo, anagwedeza mutu. "Mwanangu, basi ya UTM ikati 7 koloko, inali 7 koloko. Ukachedwa umangoona fumbi. Tikiti m'manja, inisipekitala akwera panjira." Ine UTM imeneyi, kampani ya basi ya United Transport Malawi, sindiikumbuka bwino, koma Stagecoach, imene inaigula mu 1989, ndimaikumbuka: basi zoyera za mizere yabuluu, yofiira ndi ya olenji. A Stagecoach anachoka mu 1997, kunabwera Shire Bus Lines, nayonso pambuyo pake inatha, ndipo mpata wonsewo anadzaza ndi maminibasi. Zakale zimakoma pozikamba. Basi zija zinali zochepa, ndipo anthu ankagona m'madepoti akaphonya ya tsiku limenelo. Koma ndinamvetsa chimene agogowa amasowa. Sananene za kukongola kwa basi. Amanena za kudziwa nthawi yotuluka m'nyumba.

Masana ndinatsikira ku Chirunga kukaona mwana wa achimwene anga amene akuphunzira kumeneko. Sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College, imene timaitcha Chanco, inasamukira kuno kuchokera ku Blantyre mu 1973, ndipo kuyambira 2021 ndiyo ikutchedwa University of Malawi payokha. Ophunzira achuluka, ndipo ambiri amachita lendi kunja, ku Chikanda ndi madera ena. Tinadya chipisi cha pachiwaya cha K1,500 chothira kabichi ndi tsabola, titaimirira. Iye anati, "Anti, ife anyamata timangoyenda. Koma atsikana a m'kalasi mwathu amene amakhala kutali amatuluka mulaibulale kusanade, apo ayi adikirane kuti ayende pagulu. Usiku njinga imakwera mtengo." Nkhani imeneyi yandikhala pamtima. Ndine mphunzitsi, ndipo ndikudziwa chimene ola limodzi lowerenga madzulo limachita pa mayeso. Mtsikana amene makolo ake anagulitsa mbuzi kuti afike pano akutseka buku msanga chifukwa kulibe basi ya 9 koloko usiku.

Lachinayi, padepoti

Ndinapita kumsika kukagula mpunga ndi nandolo, ndipo mvula inandipeza komweko. Inagwa yamphamvu, madzi akutsetsereka kuchokera kuphiri n'kumadzaza ngalande. Ndinabisala pakhonde la golosale pafupi ndi depoti, pamodzi ndi dalaivala wina wa minibasi amene amadikira kuti mzere wake ufike. Anandisendezera kreti ya zakumwa kuti ndikhalepo, ndipo ndinapeza mpata wofunsa chimene chakhala chikundivuta.

"Achimwene, bwanji simunyamuka ndi anthu amene alipo, ena n'kumawatola m'njira?"

Sanakwiye. Anandiwerengera pa zala. Galimoto si yake. Abwana ake amafuna ndalama yawo madzulo alionse, tageti, kaya kwagwa mvula kaya kulibe anthu. Mafuta agule yekha pa ndalama ya tsikulo. Woitanira alandire yake galimoto ikadzaza. Padepoti pali cholipira. Zotsala ndiye agawane ndi kondakitala. Akanyamuka theka, ena amene salowa m'depoti amakhala atatola kale anthu a m'njira. Anati kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, matayala ndi zipangizo zinakwera moti abwana ambiri amangomanga ndi waya, ndipo mafuta akasowa amagona pamzere kapena kugula a m'zigubu pa mtengo wa mwini chigubu. "Mayi, ine ndikanyamuka ndi anthu asanu, ana anga agona ndi njala. Inu mukuchedwa, ine ndikuluza."

Ndinamumvetsa, ndipo mkwiyo umene ndinali nawo kuyambira Lachiwiri unasintha malo. Vuto si mtima wa madalaivala. Munthu amene amalipidwa powerenga mitu ya okwera sanganyamuke mipando ili yopanda anthu, ngakhale mutamulalikira bwanji. Basi yosunga nthawi imatheka pokhapokha dalaivala ali pa malipiro odziwika, ndipo mwini galimoto akulandira malinga ndi maulendo amene galimoto yake yayenda.

Chimene chikundipweteka n'chakuti mwa mizinda yathu yonse, Zomba ndi imene izi zingaphweke. Lilongwe ndi yomwazikana, ma Area ali kutali ndi kutali. Koma kuno phiri linakankhira anthu pamsewu umodzi, ndipo malo ofunika ali ndondolondondo ngati mikanda pa ulusi: Thondwe, Three Miles, chipatala, msika, popatukira ku Chirunga, Matawale, Chinamwali, Songani, Domasi. Basi zingapo zoyenda uku ndi uku pamsewu umenewu, imodzi kudutsa pa theka la ola lililonse, kuyambira m'mbandakucha mpaka usiku, zingathe kunyamula gawo lalikulu la mzinda. Wa ku Chinamwali angafike kuchipatala osatsika m'tauni. Timagalimoto ting'onoting'ono tingatsale ndi nthambi: ku Sadzi, kumaofesi a kumtunda, msewu wa ku Jali.

Ndinamuuza dalaivalayo maganizo angawa. Eni maminibasi ali kale ndi bungwe lawo la MOAM. Akuluakulu a mzinda atapereka msewu umenewu kwa gulu la eni magalimoto, pa mgwirizano wolembedwa, ndalama za tsiku n'kumalowa m'thumba limodzi n'kugawidwa powerenga maulendo, sipangakhalenso chifukwa cholimbirana okwera. Mtengo ulembedwe pa chikwangwani pa siteji iliyonse, kuti usamasinthe chifukwa kwachita mitambo. Yunivesite, chipatala, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi ndi masukulu ali ndi anthu oyenda tsiku ndi tsiku pa nthawi yodziwika. Atamagulira anthu awo matikiti a pamwezi, gululo lingakhale ndi ndalama yodalirika yoyambira.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwalankhula bwino, mayi. Koma abwana athuwa kukhulupirirana pa ndalama n'kovuta. Nanga oitanirawa mukawasiya kuti? Nawonso ali ndi ana." Funso lake ndi loona. Ndinamuyankha kuti masiteji adzafuna ogulitsa matikiti ndi osunga nthawi, ndipo palibe amene amadziwa msewu ndi okwera kuposa anyamata omwewa. Anati, "Mwina." Mvula itakata anamuitana kuti galimoto yake yafika kutsogolo, ndipo anathamanga atafunda jekete kumutu.

Zisakasa zokha, za malata ndi benchi ya simenti, sizifuna mgwirizano wa anthu ambiri. Lero ndinaona mayi wa mwana wakhanda akunyowa pasiteji, atamufunditsa mwanayo pepala la pulasitiki.

Lachisanu, Kachulu

Mayi woyandikana ndi azakhali amachita geni ya nsomba, ndipo anandiitana kuti ndimuperekeze kunyanja ya Chilwa. Tinakwerera pa Matawale, pakagalimoto kapamtunda kodzaza madengu opanda kanthu, njinga ziwiri ndi matumba a mchere. Tara itatha, mvula ya dzulo inationetsa ntchito yake. Pena tinatitimira m'matope, abambo onse anatsika kukankha, ndipo anakwera ali matope mpaka m'maondo, akuseka. Ine ndinagwiritsitsa chitsulo mpaka zala zinachita dzanzi.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imauma, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018. Kuyambira 1997 ili pa mndandanda wa Ramsar wa madambo otetezedwa, chifukwa cha mbalame zake. Koma anthu a pa Kachulu amaiwerengera pa matemba, makumba ndi mlamba. Mabwato a ku chilumba cha Chisi anali akutsitsa anthu ndi katundu, ndipo nawonso, ndinamva, amanyamuka akadzaza.

Kupikula kunatha msanga. Chimene chinatenga nthawi ndi kudikira galimoto yobwerera. Mayi uja ankangotsegula dengu n'kumanunkhiza, kuwaza madzi, kutsekanso. Anati n'chifukwa chake ambiri amangotenga zouma ndi zowamba, popeza zaziwisi sizidikira dalaivala. Zikayamba kufewa amazigulitsa motchipa, ndipo zimene waluza lero amazibwezera pa mtengo wa mawa. Ndiye kuti ngakhale munthu wa m'tauni amene sanakwerepo galimoto ya ku Kachulu amalipira kudikira kumeneku akamagula ndiwo.

Mutu unandiwawa ndi dzuwa. Mayi wa pakanyumba ka tiyi anandiyalira mkeka kuseri, nandipatsa thobwa lozizira la m'mtsuko, ndipo anakana ndalama. Tafika kunyumba kutada. Sindilemba zambiri, ndatopa.

Loweruka usiku, Chinamwali

Manja akunjenjemerabe pang'ono. Ndinapita ku Sadzi kukacheza ndi mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku Domasi, ndipo macheza anatalika. Potuluka kunali kukuda, mvula ikuwaza, galimoto kulibe. Likangala anali atadzaza, madzi ofiira akukokoma, ndipo mnzangayo anandiuza mmene ankaopera mtsinje umenewu nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Panalibe chosankha, ndinakwera njinga yamoto.

Mnyamatayo anali ndi chipewa chimodzi chokha, ndipo anavula n'kundipatsa ine. "Mami, musaope, ndiyenda pang'onopang'ono." Anayendadi pang'onopang'ono. Koma titalowa mu M3, malole akutidutsa chapafupi n'kumatiwaza madzi, magetsi a magalimoto akutithobwa m'maso, ndinamugwira jekete mwamphamvu n'kumatchula dzina la Yesu. Iye, mwina pofuna kundilimbitsa mtima, anayamba kundiuza za moyo wake: analemba Fomu 4, ntchito sanaipeze, njingayo ndi ya munthu wina ndipo amapereka ndalama tsiku lililonse, laisensi akuisungira ndalama. Pageti anadikira, nyali ikuwala, mpaka azakhali anatsegula. Ndinamupatsa K3,000 monga tinagwirizana, ndi mango a m'mbale.

Ndimamva anthu pa wailesi akunena kuti akabaza achotsedwe m'mizinda. Ngozi zilipodi, ndipo aliyense wa ife akudziwa banja limene linalira chifukwa cha njinga zimenezi. Koma amene amanena zimenezi sanaimepo ku Sadzi mdima ukugwa. Anyamatawa akugwira ntchito imene basi inasiya. Chimene ndikukana ine n'chakuti mayi wa msinkhu wanga, kapena mwana wa sukulu, ayende makilomita onsewa pamsewu wa malole atakhala kumbuyo kwa njinga chifukwa palibe china chokwera. Kukanakhala basi, mnyamatayu akananditula pasiteji ya m'tauni, n'kubwerera kukatenga wina m'makwalala mmene basi singalowe. Iye akanadya, ine ndikanafika mtima uli m'malo. Zipewa ziwiri, laisensi ya mtengo woti angaufikire, ndi malo awoawo oimapo pafupi ndi masiteji, zimenezi zingawathandize kuposa kuwathamangitsa.

Lamulungu, pa Thondwe

Ndikubwerera kudzera ku Blantyre kuti ndikaone achemwali anga ku Bangwe. Ndikulemba minibasi itaima pa Thondwe, kondakitala akufunafuna anthu olowa m'malo mwa amene atsika. Mbali ino msewu ndi wabwino, wotakasuka, kuchokera pamene anaukonzanso ndi ndalama za African Development Bank, ndipo Limbe ili pa makilomita osapitirira 60 kuchokera pano. Pazenera ndagula nthochi ndi chimanga chootcha.

M'mawa titaweruka kutchalitchi, amayi angapo oyandikana nafe anabwera kudzanditsanzika, ndipo nkhani inafika pa za mayendedwe. Tinapeza kuti pamzere wa nyumba zathu zokha pali okalamba ena awiri amene amapita kuchipatala tsiku lofanana ndi azakhali. Tagwirizana ndi dalaivala wina wa Sienta, amene amapemphera nawo limodzi, kuti mwezi wamawa adzawatenge onse pakhomo n'kukawatula pageti, mtengo n'kugawana. Gawo la azakhali ndizitumiza pafoni. Koma mayi wa geni ya nsomba uja anati zimenezi zathandiza nyumba zitatu zokha, nanga Chinamwali yense? Anatulutsa kope la mwana wake, n'kundiuza kuti poti ndine mphunzitsi ndilembe kalata yopita kwa akhansala a dera lino. Iwo amanena, ine ndimalemba. Anapempha chisakasa ndi benchi pasiteji ya pamsika ndi pa ya kuchipatala, chikwangwani cha mitengo, ndi msonkhano wa eni magalimoto, akabaza ndi okwera wokambirana za galimoto yodutsa m'tauni osatsitsa anthu. Azakhali anaonjezera kuti mpando wakutsogolo uzikhala wa odwala ndi okalamba. Osadziwa kulemba anadinda chala ndi inki ya bolopeni. Akuti aizungulitsa kumsika ndi kumzikiti sabata ino kuti ena asayine, kenako akaipereke pamanja.

Kondakitala wapeza anthu ake, akumenya chitseko. Ndikafika ku Limbe ndiwaimbira azakhali.